Monita Ili Bwinobwino Koma Chithunzi Chili Mbuu: Kufufuza Vuto la Resolution

Monita yasomekedwa, yayaka, koma zilembo zikuoneka mbuu ngati galasi lochita nthunzi. Pena nkhope za anthu zatambalala, chinthu chozungulira chasanduka dzira. Pena m'mbali mwa sikirini mwatsala mizere yakuda, kapena batani la Start ladukira pakati. Penanso sikirini yada bii, pakati pakungoyandama mawu akuti Out of Range. Mavuto onsewa ndi a resolution, kutanthauza chiwerengero cha timadontho timene tikupanga chithunzi, ndipo munthu akawaona amafulumira kuganiza kuti monita yafa. Nthawi zambiri monitayo imakhala ilibe mlandu.

Chithunzi chisanafike m'maso mwanu, zinthu zisanu zimapatsirana: Windows kapena pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta yonse, pulogalamu yotchedwa driver imene imayendetsa khadi la zithunzi, khadilo pamodzi ndi port yake yosomekapo chingwe, chingwecho ndi adaputa iliyonse imene ili panjira, kenako monita. Zisanuzi zimayenera kumvana pa resolution imodzi, ndipo zimamvana pa imene chofooka kwambiri mwa izo chingakwanitse. Ntchito yokonza ndi yopeza chofookacho, ndipo zimene zikuoneka pasikirini zimalozera kumene chili.

Timadontho tosasunthika

Sikirini ya masiku ano, kaya ya LCD kapena OLED, ndi mizere ya timadontho ting'onoting'ono totchedwa ma pixel. Chiwerengero cha timadonthoti chinakhazikika kufakitale ndipo palibe batani lingachisinthe. Monita yolembedwa 1920x1080 ili ndi timadontho 1920 kuchokera kumanzere kufika kumanja ndi 1080 kuchokera pamwamba kutsika pansi, tonse pamodzi 2,073,600. Ya 3840x2160, imene amaitcha 4K, ili ndi 8,294,400, kutanthauza kuwirikiza kanayi. Chiwerengero chobadwa nachochi ndicho native resolution, ndipo ndi pokhapo pamene kadontho kalikonse kochokera mu kompyuta kamagwera pa kadontho kake ka pagalasi.

Kompyuta ikatumiza 1366x768 ku monita ya 1920x1080, monita imayenera kutambasula chithunzicho kuti chidzaze galasi. Kadontho kamodzi kamafunika kuphimba timadontho pafupifupi 1.4, koma galasi silingayatse theka la kadontho. Choncho monita imasakaniza mitundu ya timadontho toyandikana, ndipo m'mphepete mwa chilembo chakuda mumabadwa mthunzi wotuwa. Mbuu uja ndi ameneyu. Mamonita akale a chimimba kumbuyo, a CRT, ankajambula chithunzi ndi cheza choyenda pagalasi, motero ankasinthasintha resolution popanda kuipitsa zilembo. Malangizo ambiri akuti "tsitsani resolution" anachokera nthawi imeneyo, ndipo pa monita ya lero amangowononga.

Kutambalala kwa nkhope kuli ndi gwero lina. Resolution iliyonse ili ndi kaumbidwe kake, kutanthauza m'lifupi poyerekeza ndi msinkhu. 1920x1080, 2560x1440 ndi 3840x2160 ndi za 16:9, 1920x1200 ndi ya 16:10, 1024x768 ndi ya 4:3, pamene 1280x1024 ndi ya 5:4. Chithunzi cha 4:3 chikafika pa galasi la 16:9, monita imachikokera m'mbali kapena imasiya mizere yakuda kumanzere ndi kumanja. Mukaona chimodzi mwa ziwirizi, dziwani kuti resolution imene ikufika siyofanana kaumbidwe ndi galasilo.

Kodi resolution yoyenera ili pa mndandanda?

Musanakhudze chilichonse, dziwani native resolution ya monita yanu. Nambala ya mtundu wake imakhala pa kapepala komatidwa kumbuyo, ndipo kabuku kake kapena tsamba la kampani pa intaneti limatchula chiwerengerocho. Kenako tsegulani menyu ya monita yeniyeniyo, ya mabatani a pansi kapena kumbuyo kwake. Mamonita ambiri ali ndi tsamba la Information loonetsa resolution ndi ma Hz (kuti chithunzi chikujambulidwanso kangati pa sekondi) amene akufika panthawiyo. Mboni imeneyi ndi yodalirika kuposa kompyuta, chifukwa ikunena zimene yalandira osati zimene zatumizidwa.

Pa Windows 10 ndi 11, lowani mu Settings, System, Display. Ngati masikirini alipo awiri, dinani kaye bokosi la monita imene ikuvutayo, chifukwa zosintha zonse zimagwira pa sikirini yosankhidwa yokha. Tsegulani mndandanda wa Display resolution. Imene Windows ikuiona kuti ndi yobadwa nayo imakhala ndi mawu akuti Recommended. Mukasankha, mumapatsidwa masekondi 15 oti mutsimikize, ndipo mukapanda kudina kanthu zinthu zimabwerera mwakale. Choncho sikirini ikada mutasintha, ingodikirani, musazimitse kompyuta.

Mndandanda umenewu umagawa vuto pawiri. Ngati native resolution ilipo, nthawi zambiri chingwe ndi driver zikugwira ntchito ndipo chovuta chili m'zosankha. Ngati palibe, vuto lili mkati mwa njira: driver, uthenga wochokera ku monita, kapena kuchepa mphamvu kwa chingwe ndi port.

Ikakhalapo koma zinthu sizikuoneka bwino

Dandaulo lofala ndi lakuti zilembo zachepa kwambiri, ndipo ambiri amalithetsa potsitsa resolution. Njira yake yeniyeni ndi Scale, imene ili patsamba lomwelo. Resolution muisiye pa native, Scale muikweze kufika 125, 150 kapena 200 peresenti. Pamenepo Windows imajambula chilembo chilichonse ndi timadontho tochuluka, chilembo chimakula n'kumaonekabe bwino. Mlingo woyenera umadalira kuthithikana kwa timadontho. Monita ya mainchesi 24 ya 1920x1080 ili ndi timadontho pafupifupi 92 pa inchi, ndipo 100 peresenti imaikwana. Ya mainchesi 27 ya 2560x1440 ili ndi 109. Ya mainchesi 27 ya 4K ili ndi 163, ndipo popanda 150 peresenti kapena kuposa maso amatopa msanga. Palinso monita imene palibe chokonza: ya mainchesi 27 koma 1920x1080 ili ndi timadontho 82 tokha pa inchi, ndipo munthu wokhala pafupi amationa timadonthoto ngakhale zonse zitachunidwa bwino.

Ngati pulogalamu imodzi yokha ndiyo ikuoneka mbuu pamene zina zili bwino, ndiye kuti ndi yakale, yosadziwa Scale, ndipo Windows ikungoitambasula ngati chithunzi. Dinani chizindikiro chake ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Properties, Compatibility, Change high DPI settings, chongani Override high DPI scaling behavior, kenako yesani Application. Zilembo zake zikhoza kuchepa, koma zidzawerengeka.

Msampha wina, umene umakola anthu ambiri osomeka laputopu ku monita kapena purojekita, ndi Duplicate. Masikirini awiri akamaonetsa chinthu chimodzi amayenera kugwiritsa ntchito resolution imodzi, ndipo wamng'ono ndiye amalamula. Laputopu ya 1366x768 imakokera pansi monita ya 1920x1080. Dinani batani la Windows pamodzi ndi P, sankhani Extend kapena Second screen only, ndipo monita idzamasuka.

Pa Advanced display pali mizere iwiri yofunika kuiyerekeza. Windows 11 imaitcha Desktop mode ndi Active signal mode, pamene Windows 10 imati Desktop resolution ndi Active signal resolution. Woyamba ndi chithunzi chimene Windows ikujambula, wachiwiri ndi chimene chikuyenda m'chingwe. Ikasiyana, khadi la zithunzi likutambasula kapena kufinya chithunzi chisananyamuke. Pomwepo palinso posankha refresh rate, kutanthauza kuti chithunzi chikujambulidwanso kangati pa sekondi. Monita ya 144 Hz imatha kukhala miyezi ikuyenda pa 60 Hz chifukwa palibe anapita kukasintha pamenepa.

Driver

Mndandanda ukangothera pa 1024x768, kapena ukafota osalola kusankha, tsegulani Device Manager n'kuona pansi pa Display adapters. Pakalembedwa Microsoft Basic Display Adapter, khadi lanu likuyendetsedwa ndi driver yongogwirizira imene Windows imaika ikasowa yeniyeni. Zimenezi zimachitika kawirikawiri Windows ikangoikidwa kumene. Tengani driver patsamba la Intel, AMD kapena NVIDIA malinga ndi khadi lanu. Pa laputopu yambani ndi tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo, makamaka ngati ili ndi makhadi awiri osinthana ntchito. Mapulogalamu olonjeza kukupezerani ma driver onse pakamodzi apeweni, chifukwa amatha kuika driver yolakwika n'kuwonjezera vuto.

Ngati zonse zinali bwino dzulo ndipo lero zasokonekera Windows itangodzikonza, driver yatsopano ndiyo yoyamba kuikayikira. Mu Device Manager dinani khadilo kawiri, pitani pa Driver, kenako Roll Back Driver. Batani limenelo likafota, chotsani driver yonse ndi pulogalamu ya Display Driver Uninstaller muli mu Safe Mode, njira yodzutsira Windows ndi zinthu zofunikira zokha, n'kuikanso imene inkagwira ntchito. Kudina Windows, Ctrl, Shift ndi B nthawi imodzi kumadzutsanso driver popanda kuzimitsa kompyuta. Sikirini imaphethira kamodzi, ndipo kawirikawiri zimenezi zimakwanira pamene resolution yasokonekera kompyuta itangodzuka kutulo.

Pa kompyuta ya padesiki yokhala ndi khadi lapadera, suzumirani kumbuyo. Ma port a motherboard, bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta, amakhala kumtunda, pakati pa ma USB, pamene a khadilo amakhala kumunsi, ogona chopingasa. Chingwe chikasomekedwa kumtunda, khadi lamphamvu lija limangokhala, ndipo chithunzi chimachokera ku kachigawo kofooka ka mu purosesa, mwinanso osabwera n'komwe.

Monita ikalephera kudzitchula dzina

Apa ndi pamene pali gwero la mavuto ambiri odabwitsa. Mkati mwa monita muli kachipangizo kosunga uthenga wotchedwa EDID, umene bungwe la VESA linakhazikitsa mu 1994. Chigawo chake choyamba ndi cha ma byte 128 okha, koma m'menemo muli kampani yopanga, mtundu wa monita, chaka chimene inapangidwa, kukula kwa galasi, ndi resolution zimene imalandira kuphatikizapo yobadwa nayo. Mukasomeka chingwe, kompyuta imafunsa ndipo monita imadzifotokoza. Mndandanda umene mumauona mu Settings umamangidwa pa yankho limenelo.

Uthengawu uli ndi mawaya akeake, osiyana ndi onyamula chithunzi. Pa chingwe cha VGA umadutsa pa pini 12 ndi 15, zonse mu mzere wapansi. Pa HDMI ndi pini 15 ndi 16, ndipo pini 19 ndiyo imauza kompyuta kuti kwasomekedwa chinthu. Ndiye n'zotheka kuti chithunzi chizifika bwinobwino pamene njira ya EDID yaduka. Zikatero kompyuta siidziwa kuti ikulankhula ndi monita yanji, ndipo posafuna kutumiza zimene monita singalandire imangopereka resolution zochepa zimene pafupifupi monita iliyonse imavomera. Umboni wake uli mu Device Manager pansi pa Monitors. Generic PnP Monitor kapena dzina la monitayo ndiye kuti EDID yawerengedwa. Generic Non-PnP Monitor ndiye kuti sinawerengedwe.

Zodula njirayi ndi zinthu wamba: pini yopindika, pulagi yosalowa mokwanira, chingwe chotchipa chimene mawaya ena sanaikidwemo, komanso zipangizo zokhala pakati monga KVM (kabokosi kosinthira monita imodzi pakati pa makompyuta angapo), splitter ndi zingwe zolumikiza kuti zitalike. Splitter yotumiza chithunzi chimodzi ku masikirini angapo imakonda kupereka EDID ya sikirini yofooka kapena yakeyake yopeka. Poona mapini a VGA musadabwe kupeza pini 9 palibe, zingwe zambiri zinapangidwa choncho. Pini yopindika mukhoza kuiwongola pang'onopang'ono ndi nsonga ya kasikuludiraiva kakang'ono, chingwe chili chozulidwa mbali zonse.

Poyesa, chotsani chilichonse chili pakati, musomeke monita mwachindunji ndi chingwe chachifupi chimene mukudziwa kuti chimagwira ntchito kwina. Zimitsani monita, zulani chingwe chake cha magetsi, dikirani theka la mphindi kuti magetsi otsalira mkati athe, kenako yatsani monita kaye kompyuta pambuyo. Mu Device Manager mukhozanso kuchotsa monitayo ndi Uninstall device n'kudina Scan for hardware changes kuti EDID iwerengedwe mwatsopano. Sinthani chinthu chimodzi, onani zotsatira, kenako china. Mukasintha chingwe, port ndi driver nthawi imodzi vuto n'kutha, simudziwa chimene chinalakwa, ndipo chingwe choipacho chimabwerera m'kabati kudikira kusokoneza tsiku lina.

Nthawi zina EDID imawonongekera mu monita mwenimwenimo. Mamonita ambiri amasunga EDID yosiyana pa port iliyonse, choncho ya HDMI ikafa ya DisplayPort imatha kukhala yamoyo. Ngati port ina palibe, resolution ikhoza kulembedwa pamanja kudzera mu Create Custom Resolution ya NVIDIA Control Panel, Custom Resolutions ya AMD, kapena pulogalamu ya Custom Resolution Utility. Lembani manambala a m'kabuku ka monitayo basi. Kulemba resolution yoposa yobadwa nayo sikuwonjezera kadontho ngakhale kamodzi pagalasi.

Masamu a chingwe

Monita ya 4K yangofika pa 30 Hz ndipo mausi akuyenda modukiza. Ya 2560x1440 yakana kupyola 1920x1080. Dzina la monita likuoneka bwino ndipo driver ndi yatsopano. Apa vuto ndi kuchuluka kwa uthenga umene njira ingadutsitse pa sekondi, ndipo masamu ake ndi osavuta.

Chithunzi chilichonse chimayenda ndi timipata tosaoneka m'mbali mwake. Cha 1920x1080 chimayenda ngati 2200x1125, ndipo mukachulukitsa ndi 60 mumapeza timadontho 148.5 miliyoni pa sekondi, zimene amalemba 148.5 MHz. Cha 4K chimayenda ngati 4400x2250. Pa 30 Hz chimafuna 297 MHz, pa 60 Hz chimafuna 594 MHz. Tsopano HDMI 1.4, ya mu 2009, imathera pa 340 MHz. 297 ikukwana, 594 siikwana, ndipo ichi ndicho chifukwa 4K imaima pa 30 Hz pa laputopu zakale. HDMI 2.0, ya mu 2013, imafika 600 MHz ndipo 4K ya 60 Hz imangokwana ndendende. HDMI 2.1, ya mu 2017, imanyamula mpaka 48 Gbit pa sekondi, zokwanira 4K ya 120 Hz. Pulagi za mitundu yonseyi zimaoneka chimodzimodzi, choncho maso sangakuuzeni kanthu. Werengani zimene kampani inalemba za port ya kompyuta ndi ya monita, zonse ziwiri, chifukwa yocheperapo ndiyo imalamula. Mamonita ena akale a 2560x1440 ali ndi HDMI yongolandira 1920x1080, ndipo resolution yonse imapezeka pa DisplayPort kapena DVI.

DVI nayo ili pawiri. Ya single link imathera pa 165 MHz, yokwanira 1920x1200 pa 60 Hz. 2560x1440 imafuna pafupifupi 241 MHz, ndipo pamenepo pamafunika dual link. Pulagi ya single link ili ndi mpata pakati pa mapini, ya dual link ndi yodzaza ndi mapini 24. Chingwe cha mbali ina HDMI mbali ina DVI chimakhala single link nthawi zonse, ngakhale mapini ake atadzaza. Malire a 165 MHz omwewa alinso pa maadaputa akale ochokera ku DisplayPort kupita ku HDMI.

DisplayPort imayendetsa uthenga m'tinjira tinayi. Pa mtundu wa 1.2 kanjira kalikonse kamanyamula 5.4 Gbit pa sekondi, tonse 21.6, ndipo zotsalira chithunzi chenicheni ndi 17.28. Pa 1.4 zimafika 25.92. 4K ya 60 Hz imafuna zopitirira 12 pang'ono, ndiye 1.2 imakwanitsa. Koma mamonita ambiri ali ndi posankha mtundu wa DisplayPort mu menyu yawo, ndipo ena amachoka kufakitale ali pa 1.1. Kukweza pamenepo kukhala 1.2 kapena 1.4 kumathetsa vuto m'masekondi ochepa.

Masamu omwewa amafotokoza zovuta za USB-C. Si port iliyonse ya USB-C imene imatulutsa chithunzi, iyenera kukhala ndi DisplayPort Alt Mode kapena Thunderbolt, ndipo zingwe zambiri zotchajira foni zilibe mawaya a chithunzi. Port ikakhala yoyenera, kabokosi kogawa ma port kamene kali ndi USB 3 kamalanda tinjira tiwiri mwa tinayi tija. Tiwiri totsalato pa DisplayPort 1.2 timanyamula 8.64 Gbit yokha, yosakwana 12, ndipo 4K imagwera pa 30 Hz. Adaputa yongotulutsa chithunzi chokha imapatsa monita tinjira tonse tinayi. Mamonita ena olandira USB-C amakulolani kusankha mu menyu pakati pa High Resolution ndi High Data Speed, ndipo nkhani yake ndi yomweyi.

Chingwe chofooka chimadziulula mosiyana pa HDMI ndi pa DisplayPort, ndipo kudziwa zimenezi kumapulumutsa nthawi. DisplayPort imayesa chingwe isanayambe kutumiza, ndipo ikaona kuti sichikwanitsa imatsitsa liwiro mwakachetechete, ma Hz apamwamba n'kusowa pa mndandanda. HDMI 1.4 ndi 2.0 siziyesa. Resolution imaonekabe pa mndandanda, koma mukaisankha pamabwera timadontho toyera tothwanima ngati nyenyezi, kapena sikirini imada kwa sekondi imodzi kapena ziwiri n'kubwereranso. Mukatsitsa ma Hz vutolo n'kutha, chingwe ndicho chalephera. Cha 4K ya 60 Hz chikhale cholembedwa Premium High Speed, cha 120 Hz chikhale Ultra High Speed, ndipo chikafupika ndi pamene chimadalirika. Chingwe cha HDMI kapena DisplayPort sichichititsa zilembo mbuu, ndiye kugula chodula pofuna kuthetsa mbuu n'kutaya ndalama.

Maadaputa ambiri amayenda mbali imodzi. Yochokera ku DisplayPort ya kompyuta kupita ku HDMI ya monita singatembenuzidwe. Yochokera ku HDMI kupita ku VGA ili ndi kachipangizo kosandutsa uthenga, ndipo kubwerera kuchokera ku VGA kupita ku HDMI kumafuna chipangizo china, kawirikawiri chodya magetsi a USB.

TV ndi VGA

TV ikasanduka monita imabwera ndi zizolowezi zake. Yoyamba ndi overscan, kukulitsa chithunzi pang'ono n'kudula m'mphepete, chizolowezi chochokera m'nthawi ya mawailesi a kanema akale. N'chimene chimameza batani la Start, ndipo poti chithunzi chatambasulidwa, zilembo zimaipanso. Chizimitseni pa TV pomwepo. LG imachitcha Just Scan, Samsung Screen Fit kapena Fit to Screen, Sony Full Pixel. Kuchepetsa chithunzi kuchokera ku kompyuta kumabwezeretsa m'mphepete koma mbuu amatsala. Ma TV ambiri a 4K amafunanso kuti mutsegule mphamvu yonse ya port, zimene LG imatcha HDMI Ultra HD Deep Colour, Samsung Input Signal Plus, Sony Enhanced format. Popanda zimenezi TV imaima pa 30 Hz, kapena imafika 60 Hz pochepetsa uthenga wa mitundu kukhala 4:2:0. Pa kanema simungaone kusiyana, koma zilembo zofiira ndi zabuluu zimasungunuka m'mbali. Zolemba zimafuna RGB kapena 4:4:4. Dziwaninso kuti ma TV ambiri olembedwa HD Ready amalandira 1920x1080 pamene galasi lawo ndi la 1366x768. Pa otere, 1360x768 kapena 1366x768 ndiyo imawerengeka bwino.

VGA, imene IBM inatulutsa mu 1987, imatumiza chithunzi ngati mafunde a magetsi, ndipo monita imayenera kulota pamene kadontho kayambira ndi pamene kathera. Ikaphonya, chithunzi chimasendera mbali imodzi, zilembo zimanjenjemera, kapena pamaoneka mizere yotsika ya mbuu yotalikirana mofanana. Ikani native resolution pa 60 Hz, tsegulani tsamba lodzaza zilembo mpaka m'mphepete, kenako dinani batani la Auto pa monita. Zikapanda kutheratu, konzani Clock kaye mpaka mizere ithe, Phase pambuyo mpaka kunjenjemera kuleke. Mthunzi wotsatira chilembo kumanja umachokera ku chingwe chachitali kapena chopyapyala. Sikirini yonse ikasanduka yachikasu, yapinki kapena yobiriwira motuwa, pini 3, 2 kapena 1 sikukhudza, chifukwa zimenezi ndizo zimanyamula buluu, wobiriwira ndi wofiira.

Sikirini ikada n'kulemba Out of Range

Mawu amenewa, kapena akuti Input Not Supported, akutanthauza kuti monita ili moyo ndipo ikulandira uthenga, koma resolution kapena ma Hz ake apyola zimene ingathe. Zimachitika mukasamutsa kompyuta kuchoka pa monita yamphamvu, kapena gemu ikasankha yokha resolution. Ngati ndi gemu, Alt ndi Enter zimaibweza m'kawindo, Alt ndi F4 zimaitseka. Ngati ndi Windows yonse, njira yachidule ndi kusomeka sikirini ina n'kukonzera pamenepo. Ikasowa, zimitsani kompyuta ndi batani la magetsi pamene Windows ikuyamba kudzuka, kawiri kapena katatu motsatizana, mpaka ilowe m'tsamba lokonzera. Pitani pa Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, kenako dinani 3, imene ndi Enable low-resolution video. Windows idzadzuka ndi resolution yotsika imene pafupifupi monita iliyonse imalandira, koma driver yeniyeni ikugwirabe ntchito, choncho resolution imene mungasankhe idzasungika. Safe Mode, ya nambala 4, imathandiza pochotsa driver yoipa.

Pa Mac, pitani ku System Settings, Displays, n'kutsegula Show all resolutions. Musadabwe monita ya 4K ikalembedwa 1920x1080, chifukwa macOS imatchula kukula kwa zinthu m'maso pamene mkati ikugwiritsa ntchito timadontho tonse. Pa Linux yoyendera X11, pulogalamu yoonetsa zinthu pasikirini, lamulo la xrandr limaonetsa ma port ndi resolution zawo. Yosowa imapangidwa ndi cvt 1920 1080 60, mzere umene watuluka n'kuupereka kwa xrandr --newmode, kenako xrandr --addmode ndi dzina la port. Zimenezi zimafufutika mukazimitsa kompyuta pokhapokha mutazilemba m'fayilo yoyambira. Onaninso ngati mawu akuti nomodeset anatsalira mu GRUB, pulogalamu yodzutsa Linux, chifukwa amatsekereza driver yeniyeni.

Monita yeniyeniyo ili ndi kayesedwe kake kosafuna kompyuta. Zulani chingwe cha chithunzi, siyani cha magetsi, tsegulani menyu yake. Menyu imajambulidwa ndi monita yokha. Ikaoneka yoyera bwino, galasi lili moyo, ndipo chotsatira ndi Factory Reset ya mu menyumo ndi kuyesa monitayo pa kompyuta ina ndi chingwe china. Koma mizere ikadutsa pa menyu pomwe, theka la galasi likada, kapena chithunzi chikaoneka pokhapokha mutawalitsa tochi pafupi ndi galasi, vuto lili mu galasi, m'timawaya take kapena mu nyali za kumbuyo. Mkati mwa monita muli zigawo zosunga magetsi oopsa ngakhale itazulidwa pa soketi, choncho kuitsegula ndi ntchito ya katswiri wokonza zamagetsi.